Ndayamba kuopa kukwera pamlongoti ku ntchito, mayi a kunyumba akuti ndapeza wina ku Joni

Zikomo azakhali,

Tsamba lanuli ndimawerenga pa foni pafupifupi sabata iliyonse koma sindinkadziwa kuti tsiku lina wolemba ndidzakhala ine. Dzina langa musalifune chonde, akwathu ambiri amawerenga. Ndine bambo wa zaka 36, ana awiri, banja lili ku Lilongwe ine ndili ku Joni chaka cha 7 tsopano. Mapepala anga ali bwinobwino, nkhani si imeneyo.

Ntchito yanga ndi yokonza nyali za m'mabwalo a masewero, zija zimakhala pamwamba pa milongoti italiitali n'kumawalitsa bwalo usiku ngati masana. Za magetsi ndinaphunzira ku tekiniko kwathu konko, kuno ndinayamba ndi maganyu owaya nyumba za anthu mpaka kampani ina yaing'ono inanditenga nthawi imene mabwalo ambiri ankachotsa nyali zakale za metal halide n'kumaika za LED. Zakalezo zinali ndi khalidwe loipa, magetsi akangophethira pang'ono basi zimafuna zizizire kaye, mphindi 10 kapena 15 anthu ali mumdima osewera atangogwira m'chiuno. LED ukayatsa yayaka pompo ndipo sidya magetsi ambiri. Anthu amati LED siiwonongeka, limenelo ndi bodza, bwenzi ine ndili pa ulova. Nyaliyo payokha imakhalitsadi, chimene chimafa kawirikawiri ndi kabokosi kotchedwa driver, osati dalaivala wa galimoto ayi, kabokosi kamene kamakonza magetsi kuti afike ku nyali pa mlingo wake. Kamapsa ndi mphenzi, kutentha, madzi a mvula akalowa polowera waya, komanso magetsi akabwerera ndi mphamvu ikatha load shedding. Chaka cha 2023 chija ena akudandaula ife tinkadya ovataimu, ndi chaka chimene ndinagula puloti.

Koma ndi ntchito ya pamsewu azakhali. Sabata ino tili ku Polokwane, makilomita 300 ndi kena pa N1, ya mawa tatsika N3 kupita ku Durban pafupifupi 570, tisanachape n'komwe maovolosi akuti Mbombela. Anzanga kumudzi amaganiza kuti tsiku lililonse ndimakhala mu FNB Stadium kuonera Chiefs ndi Pirates ulele, pamene ntchito zambiri ndi mabwalo a khonsolo, a rugby a masukulu, a ma yunivesite ndi maholo a netball. Ndipo mbali yaikulu imagwirika usiku chifukwa nyali sungailozetse bwino dzuwa likuwala, wina amakhala pamwamba kuipotoza pang'onopang'ono wina ali pansi pa udzu ndi lux meter kuyenda malo ndi malo kuyeza kuwala, mukulankhulana pa wailesi ya m'manja. Likakhala bwalo loti gemu yake ionetsedwa pa TV ndiye kuvuta kwake, nyali imodzi ikamaphethira maso ako saona koma kamera ya slow motion imaigwira.

Tsono vuto linayamba mwezi wa Malichi m'katauni kena ku Free State. Mlongoti wa mamita 40, cha m'ma 5 m'mawa tikumalizitsa, makwerero atanyowa ndi mame. Ndinali pamwamba ndi mnyamata wina wa ku Limpopo, mwana wansangala, wa zaka 24 basi. Anatembenuka kuti andipatsire sipanala phazi n'kutereka. Lamba anamugwira, tithokoze Mulungu anali atakoleka, koma anatsala akulendewera kunja kwa chitsulo chotchinga, akuzungulira ngati thumba la chimanga pa sikelo. Sipanala ija inapita pansi. Azakhali ine ndinawerenga mumtima, wani, thu, fili, m'pamene inamveka kuti ngwee pa simenti. Phokoso limenelo ndi limene landikhala m'mutu mpaka lero, osati kukuwa kwakeko.

Anatiphunzitsa kuti munthu akalendewera pa lamba sachedwetsedwa, malamba a m'ntchafu amatseka magazi akhoza kukomoka ngakhale sanavulale pena paliponse. Ndinachita zonse momwe anatiphunzitsira, ndinamukoleka chingwe chopulumutsira tinamutsitsa, manja anga sananjenjemere ngakhale pang'ono. Bwana anandiyamikira pamaso pa onse. Mnyamatayo patatha masiku atatu anabwerera akuseka, mpaka pano amakwera akuimba mluzu. Amene anagwa tsiku limenelo ndiye ngati ndine.

Kuyambira pamenepo ndikangofika cha pakati pa mlongoti m'manja mumatuluka thukuta mpaka magolovesi kunyowa, mawondo kulobodoka, mtima kugunda kumveka m'makutu, mlongoti ukangogwedezeka ndi mphepo, zimene umachita masiku onse ndipo ndimadziwa kuti anaupanga choncho, ine ndimaukumbatira ngati mwana pa mwendo wa mayi ake. Tsiku lina ku Durban ndinakhala pa malo amodzi kaya mphindi zingati osakwera osatsika, wapansi akufunsa pa wailesi ndikumunamiza kuti ndikuona waya. Zaka 5 ndakwera popanda vuto, ine amene ndinkadyera buledi pamwamba miyendo ili lende.

Ku ntchito sindinauze aliyense. Ndimangozemba, lero m'mimba, mawa ndidzipereka kukhala pa bokosi la maswitchi pansi, ndipo ndivomere pano kuti kangapo ndamupatsa mnyamata wina R100 kuti akwere m'malo mwanga fomani asakuona. Koma alawansi ya kukwera amalipira amene wasaina kuti wakwera, ndiye ndalama zatsika. Usiku tulo osabwera, ndikangotseka maso sipanala ija, ndinayamba kumwa kabotolo kamodzi kuti ndigone pano tafika pa titatu, munthu woti ndinasiya mowa mwana wathu woyamba atabadwa.

Apa ndi pamene pakulowa mayi a kunyumba. Iwo awerenga zizindikiro zitatu ndipo ndikaziika pa malo awo sindingawatsutse. Ndalama ya pa Mukuru yachepa. Foni ya usiku sindiyankha, mwina ndili pamwamba, kumene foni imatsala m'galimoto, mwina ndamwa ndikuopa kuti amva mawu. Chachitatu akuti ndasintha, ndimayankha mwachidule ngati ndikulankhula ndi wa ngongole. Kuwonjezera apo tsiku lina tili pa video call mayi wa pa gesitihausi anagogoda kubweretsa matawulo n'kunena kuti sorry my darling, mmene amalankhulira amayi a kuno kwa aliyense ngakhale kwa wopemphetsa. Foni inadulidwa pompo. M'mawa mwake uthenga, bambo a Junior ngati mwapeza wina ingonenani ndidziwe pogwira. Sabata yatha malume anandiimbira kuti ankhoswe a kuchikazi afika kwawo, akufuna ndipite tikakhale pansi.

Mudzati bwanji osangowauza zoona. Ndi pamene pali mfundo pamenepo. Mkazi wanga sadziwa kuti ndimakwera. Nditangoyamba ntchitoyi anali ndi pakati ndipo ndi munthu wa BP, ndiye ndinawauza kuti pali mashini otikweza pang'ono chabe ndipo ine ntchito yanga yambiri ndi ya pansi, zithunzi zimene ndimatumiza ndi za pa udzu nditavala chipewa ndikumwetulira. Bodza la tsiku limodzi lakwanitsa zaka 5. Ndiye kuti ndidziyeretse pa chibwenzi chimene kulibe ndiyenera kuulula bodza limene lilipo, ndipo ndikuwadziwa, adzati ngati munabisa ichi kwa zaka zonsezi n'chiyani china mukubisa. Komanso ndinene chilungamo, manyazi. Mwamuna kukaima pamaso pa malume ndi alamu n'kunena kuti ndikuopa kukwera, anthu amene amakwera mitengo ya mango ndi kufolera nyumba opanda lamba.

Mlamu wanga wina ali ndi kashopu ka zasola ku Lilongwe, wakhala akundiitana kuti tizikagwira limodzi. Mtima wina ukufuna, ana akukula ndikuwaona pa Khirisimasi pokha, wamng'onoyo ulendo watha anandithawa masiku awiri. Koma ndalama yake siingafike ngakhale theka la ya kuno, nyumba ili pa lintala, malata sitinagule, wamkulu ali pa sukulu ya pulaiveti. Luso langa lenilenili kwathu lilibe msika, mabwalo a nyali zoterezi ndi owerengeka, Bingu National Stadium ija anatsegula 2017 ndi ena ochepa, sangadyetse munthu chaka chonse. Ndipo zoseketsa, sola nayonso amaika padenga. Kaya mantha amenewa adziwa kusiyanitsa mamita 40 ndi mamita 4.

Mnzanga amene ndimagona naye chipinda chimodzi, wa ku Mangochi, ndi yekhayo ndinamuuzako pang'ono. Iye akuti akumudzi andiponyera chifukwa cha nyumbayo, akudziwa munthu wina ku Tembisa. Ine zimenezo ayi, ndinaona ndi maso anga chimene chinayambitsa, ngakhale nthawi zina 2 koloko usiku maganizo amapita konko. Kutchalitchi ndinapempha mapemphero koma ndinangoti za ntchito.

China chikundithamangitsa ndi chakuti kampani imatiyezetsa kwa dokotala chaka chilichonse kuti tipatsidwe pepala lololedwa kugwira ntchito pamwamba, langa likutha miyezi iwiri ikubwerayi, ndipo pa fomu pamakhala funso la chizungulire ndi mantha a pamwamba. Ndikalemba zoona mwina andichotsa pa gulu lokwera, ndipo kampani yaing'ono ngati yathu munthu wa pansi yekhayekha sindikudziwa ngati angamusunge. Ndikanama ndiye tsiku lina ndidzauma pamwamba mnzanga akufuna thandizo langa, ngati mmene mwana uja analifunira.

Ndiye ndithandizeni azakhali. Kodi zimenezi ndi matenda oti munthu amachira, alipo madokotala ake, kapena ndiye kuti ntchitoyi yandikana basi? Nanga mkazi wanga ndimuyambe bwanji, pa foni kapena ndikwere basi masiku awiri amenewo kudzera Beitbridge ndi Tete ndikanene ndili pamaso pake ankhoswe asanakhale pansi? Ndipo ndiyambe ndi ndani, iye kapena bwana?

Chonde musachedwe nayo kalatayi. Lolemba tikunyamuka 4 koloko m'mawa, bwalo lake lili ndi milongoti inayi, ndipo fomani wanena kale kuti m'mimba mwanga mwakwana, woyamba kukwera ndine.

Ine wanu,
Bambo wa ana awiri, Johannesburg