Kwa opanga wailesi iyi: alamu yanu yandichedwetsa ku ntchito kawiri, chonde ndiyankheni

Kwa inu a kampani yopanga mawailesi a digito okhala ndi alamu,

Ndalemba pano poyera chifukwa ku inibokosi kwanu ndatopa nako. Ndakulemberani katatu. Kawiri mwandiyankha mawu amodzimodzi, akuti ndifufute zonse wailesi ibwerere momwe inalili pochoka ku fakitale, kenaka ndiyambirenso kutchera. Kachitatu simunayankhe n'komwe, chonsecho uthenga ukuonetsa kuti munauwerenga. Ndiye lero ndifotokoza bwinobwino pano, kuti amene ali ndi udindo pa zimenezi kwanuko amve, komanso kuti anzanga amene ali ndi wailesi ngati yangayi adziwiretu.

Ine ndimagwira ntchito ya mashifiti. Masabata ena ntchito imayamba 5:30 m'mawa, choncho ndimayenera kudzuka 4:30, ndipo ndikachedwa, mnzanga amene wachezera usiku wonse sangaweruke mpaka nditafika. Foni ndinasiya kugona nayo kuchipinda chifukwa mauthenga a usiku ankandisowetsa tulo. N'chifukwa chake ndinagula wailesi yanu. Pabokosi panalembedwa kuti ili ndi maalamu awiri, imadzitchera yokha nthawi, imazima yokha munthu akagona, ndiponso ili ndi kowerengera mphindi. Ndinakhulupirira mawu amenewo, n'kuiika pafupi ndi bedi.

Tsiku loyamba zinayenda chonchi. Madzulo ndinali kumvera FM. Ndisanagone ndinatchera alamu yoyamba pa 04:30, ndinasankha masiku a ntchito, ndinasankha kuti idzandidzutse ndi siteshoni ya DAB (njira ya digito youlutsira mawu pa wailesi) imene ndimaikonda, volyumu ndinaikweza ndithu. Kachizindikiro ka belu kanaoneka pakona ya sikirini, kutsimikiza kuti zonse zakhazikika. Ndinagona mtima uli m'malo. Pamene ndimadzidzimuka n'kuti ili 05:20. Sikirini inali yoyaka, kusonyeza kuti wailesiyo inadziyatsa pa nthawi yake, koma pamalo pa dzina la siteshoni panali mawu akuti siteshoniyo sikupezeka. M'chipinda munali zii. Kwa mphindi 50 wailesi inali "ikulira" popanda kutulutsa mawu ngakhale amodzi. Ndinafika ku ntchito mochedwa kwambiri, mnzanga uja maso ali psuu ndi tulo, mwana wake akumudikira kunyumba kuti amuperekeze kusukulu. Ndinapepesa, koma manyazi ake sanandichokebe.

Nditabwerako ndinafufuza. Ndinapeza kuti eriyo inali italowetsedwa theka, mwina pa nthawi yokonza m'chipinda. FM inkamvekabe, n'chifukwa chake sindinazindikire kanthu madzulo aja. Apa ndi pamene pagona nkhani, ndipo akatswiri anu akuidziwa kuposa ine. FM ikafooka imachita phokoso, mawu amadukaduka, koma phokoso limenelo limatha kudzutsa munthu. DAB siili choncho. Ikagwira imamveka bwino kwambiri, ikafooka pang'ono imamveka ngati madzi akubwata, ikapitirira pamenepo imangoti zii. Ndiye alamu yodalira DAB ikhoza kukhala chete tsiku lililonse, kaya chifukwa cha eriyo, kaya wailesi yasunthidwa pang'ono, kaya siteshoniyo yasiya kuulutsa kwa kanthawi. Zimenezi sindikukuimbani nazo mlandu, ndi mmene DAB ilili. Mlandu wanu ndi wakuti wailesiyo imadziwa kuti sikugwira siteshoni, poti imachita kulemba pa sikirini. Nanga n'chifukwa chiyani siisinthira ku kabelu kake ka m'kati, kaja kolira kuti pii pii? Mawailesi ambiri a alamu amatero: siteshoni ikasowa, kabelu kamalira m'malo mwake. Munthu amene ali m'tulo sangawerenge sikirini.

Kuti musanene kuti mwina ndinalakwitsa potchera, ndinayesa dala. Ndinalowetsa eriyo yonse, n'kutchera alamu kuti ilire pakatha mphindi 2, ndinakhala pansi n'kumaiyang'ana. Nthawi itakwana sikirini inayaka, mawu aja anabwera, phokoso ayi. Ndinadikira mphindi 10, osamva kanthu. Ndinabwereza katatu, zotsatira zake zomwezo. Kanema wake ndinajambula ndipo ndinakutumizirani mu uthenga wachiwiri.

Kuchokera tsiku limenelo ndinasiya kudzuka ndi siteshoni, ndinasankha kabelu. Ndinati basi vuto latha. Patangopita masabata awiri zinachitikanso, koma mwa njira ina. Usiku magetsi anaphethira, mwina kwa kamphindi chabe. M'mawa ndinadzutsidwa ndi munthu wina wa m'nyumba momwemo, nthawi itapita kale. Pa sikirini pankangophethira 00:00, ndipo kachizindikiro ka belu kanali pomwepo, ngati kuti alamu ikudikirabe. Wailesi inakumbukira kuti iyenera kulira 04:30, koma inaiwala kuti tsopano ndi nthawi yanji.

Ndinawerenga kuti ndimvetse komwe wailesi yotere imatenga nthawi. Siginolo ya DAB imabwera ndi nthawi komanso deti. Pa FM nthawi imadzera mu RDS, njira yomwe ija imabweretsa dzina la siteshoni pa sikirini, ndipo imatumizidwa kamodzi pa mphindi iliyonse, ngati siteshoniyo imatumiza. Tanthauzo lake n'lakuti magetsi akabwerera, wailesi ili ndi pomwe ingatenge nthawi yolondola popanda munthu kuikhudza. Yangayi sitero. Ndayesa kuzula pulagi kwa masekondi 10 n'kuibwezera: imakhala pa 00:00 mpaka munthu adine batani loyatsira, ndipo ndi pamene imayamba kufunafuna siteshoni n'kukonza wotchi. Usiku ndani adine batani limenelo? Ndipo ngakhale pasakhale siginolo, kabatire kakang'ono kooneka ngati ndalama yachitsulo, kaja kamasunga nthawi m'makompyuta, kakanatha kusunga wotchiyi kwa zaka. Mawotchi wamba a alamu akhala ndi batire losungira nthawi kuyambira kalekale. Zikutheka bwanji kuti wailesi yamakono, yogulitsidwa ndi dzina loti ndi ya alamu, ikhale yopanda chimenechi?

Ndinaganiza kuti mabatire akuluakulu aja olowa kumbuyo angathandize. Ndinagula atsopano n'kuikamo. Apa ndi pamene ndinapeza kuti ikakhala pa mabatire, ukaizimitsa imazimiratu, wotchi ndi alamu zomwe. Ndikumvetsa kuti mumafuna mabatire asathe msanga. Koma mfundo yaikulu chonchi ndinaipeza kumapeto kwenikweni kwa kabuku ka malangizo, m'timalemba ting'onoting'ono, pomwe pabokosi mawu akuti alamu ndi akuti yoyendera mabatire alembedwa moyandikana m'zilembo zikuluzikulu. Munthu aliyense wowerenga bokosilo angaganize kuti ziwirizi zimagwira ntchito limodzi.

Palinso china pa nkhani ya wotchi. Tsiku lina ndinaona kuti yatsalira ndi mphindi zingapo. Ndinaikonza pamanja, mawa lake yabwereranso pomwe paja. Kenaka ndinazindikira kuti inkatenga nthawi ku siteshoni ina ya FM imene wotchi yake siili bwino, n'kumafufuta yomwe ndaika ine. Mu menyu muli posankha kuti izitenga nthawi ku DAB, ku FM, kapena isamatenge kulikonse, koma kabuku kanu sikafotokoza kusiyana kwake, ndiponso sikachenjeza kuti nthawi yoika pamanja imafufutika ngati sunasankhe kotsirizako.

Katcheredwe ka alamu nakonso n'kotopetsa. Uyenera kudutsa magawo 7: kuyatsa, ola, mphindi, masiku, chodzutsira, kutalika kwake, volyumu, kenaka n'kudina pa Save. Ukangokhala kaye phee masekondi ochepa ukuganiza, menyu imatseka yokha, zonse zimene unasankha n'kutayika, popanda chenjezo lililonse. Ukaika wotchi pa maola 12, timalemba ta AM ndi PM n'tating'ono moti popanda magalasi sungatione, ndipo n'kosavuta kutchera 4:30 ya madzulo ukuganiza kuti ndi ya m'mawa. Batani la Snooze lili pafupi ndi lozimitsira, ofanana kukula, ofanana kakhudzidwe. Mumdima, dzanja likupapasa, ukhoza kuzimitsiratu alamu pomwe umafuna ikupatse mphindi 5 zokha.

Kozimitsira wailesi ukagona, kaja kolembedwa Sleep, kamagwira ntchito, sindinama. Ukasankha mphindi 15, 30, 45, 60 kapena 90, imazimadi pa nthawi yake. Koma kakwiriridwa mkati mwa menyu, uyenera kudina kanayi kuti ukapeze, ndipo kudina kulikonse kumawalitsa sikirini m'chipinda chamdima momwe wina wagona kale. Chinthu chogwiritsa ntchito usiku uliwonse chimayenera batani lakelake. Komanso ukagona ukumvera pa mahedifoni n'kuiwala kuwazula, alamu ya m'mawa imalirira m'mahedifoni momwemo, ali pansi pa bedi. Chimenechi ndinachitulukira Loweruka, mwamwayi tsiku lopanda ntchito.

Chimene chinandipweteka mtima mwapadera ndi kowerengera mphindi. Bambo anga amathira mankhwala a m'maso a mitundu iwiri, ndipo anauzidwa kuti azidikira mphindi zosachepera 5 pakati pa oyamba ndi achiwiri, kuti achiwiriwo asatsuke oyamba aja. Akangothira oyamba maso amachita chidima, wotchi saiona. Ndinaganiza kuti wailesiyi iwathandiza: ndiwatchere mphindi 5, azimvera pulogalamu yawo, ikalira athire enawo. Ndinawapeza atakhala pampando, kabotolo kali m'manja, mutu atapendeketsa kumbali ya wailesi, patapita mphindi 20. Anandifunsa kuti, "Kodi mwanawe, yalira kale?" Inali italira kalekale. Kabelu kake kamalira motsitsa kwa masekondi ochepa, pulogalamu ikupitirirabe pamwamba pake, ndipo palibe pokwezera. Munthu wachikulire amene makutu ayamba kufooka sangakamve. Chikanavuta n'chiyani kuti nthawi ikakwana pulogalamu iziyamba yaima, kabelu n'kumalira mpaka munthu adine batani?

Ndinene chilungamo, wailesiyi mawu ake ndi abwino. DAB ikagwira imamveka bwino kuposa wailesi iliyonse imene ndinakhalapo nayo, ndipo kusunga masiteshoni n'kosavuta. Ikanakhala yongomvera basi, bwenzi ndikukuyamikirani pano. Koma ine ndinagula chondidzutsa, ndipo chimene sindingachilandire n'chakuti imalephera mwakachetechete, kachizindikiro ka belu kali poonekera, kakundilonjeza kuti zonse zili bwino.

Za kufufuta zonse zija mumandiuza, ndachita kawiri konse monga munanenera. Kumachotsa masiteshoni onse amene ndinasunga ndi maalamu onse awiri, ndiye ndimatha nthawi yaitali ndikubwezeretsa. Ndikamaliza n'kuyesanso kulowetsa eriyo kapena kuzula pulagi, zimachitika zomwe zija. Yankho limenelo likuonetsa kuti amene anandiyankha sanawerenge zomwe ndinalemba, ndipo kanema uja sanamuonere.

Kwa anzanga amene muli ndi wailesi yamtunduwu, musadikire kuti zikuonekereni m'mawa wa tsiku lofunika. Tcherani alamu ya mphindi 2 masana, lowetsani eriyo, muone ngati kabelu kalire. Zulani pulagi, bwezerani, muone ngati wotchi ibwerere yokha. Ikani wotchi pa maola 24, ndipo musanagone zulani mahedifoni. Ngati zanu zikuchita ngati yanga, lembani pansipa kuti a kampani aone kuti sindili ndekha.

Tsopano kwa inu eni ake. Ndikupempha kuti andiyankhe munthu amene wawerenga zonsezi, ndipo andiuze mosabisa ngati vutoli lili pa wailesi yanga yokha kapena ndi mmene munazipangira zonse. Ngati ndi yanga yokha, lisiti ndili nalo ndipo waranti sinathe, ndisinthireni ina. Ngati ndi mapangidwe, kumbuyo kwake kuli polowetsa USB pomwe kabuku kanu kakuti ndi pokonzera pulogalamu ya m'kati mwa wailesi. Ndiuzeni ngati mukukonza zoti kabelu kazilira siteshoni ikasowa, komanso zoti wotchi izidzikonza yokha magetsi akabwerera, ndipo munene kuti zidzatheka liti. Ngati zonsezi n'zosatheka, ndibwezereni ndalama zanga ndikubwezereni wailesi yanu. Ndipo pa tsamba loyamba la kabuku, ngakhalenso pabokosi, lembanipo momveka kuti alamu sigwira ntchito pa mabatire ndiponso kuti magetsi akazima wotchi imafufutika.

Lolemba likubwerali ndikuyambanso shifiti ya m'mawa. Foni ndaibwezera kuchipinda, ndipo bambo ndikumawawerengera ndekha mphindi zawo 5 ndikakhalapo. Makanema onse awiri, wa eriyo ndi wa pulagi, ndawaika pansi pa uthenga uno. Ndikudikira yankho lanu pompano.