Dandaulo pa claim ya inshulansi ya galimoto yanga ndi chipongwe chimene ndalandira ku ofesi yanu

Kwa a Manejala Oyang'anira za Ma Claim,
Lilongwe.

Wolemekezeka Bwana,

Ndafika polemba kalata chifukwa mafoni sanaphule kanthu, ndipo kuyenda ndayenda mpaka ndatopa. Fayilo yanga muli nayo, nambala ya galimoto ndi ya claim zili m'kompyuta mwanu, choncho sindibwereza zimene mukuzidziwa kale. Chimene mwina sichinafike pa tebulo panu ndi mayankhidwe a antchito anu, komanso mmene awerengera ndalama imene akuti ndilandire.

Ngozi inachitikira pa Nathenje, mumsewu wa M1, tikuchokera ku Dedza kokaona amayi. Kunkawaza kamvula ndipo anthu anali piringupiringu m'mbali mwa msewu. Ndinali nditachepetsa kale liwiro, monga amachitira aliyense wodziwa malo aja, poti pamenepaja njinga, mbuzi ndi maminibasi zimalowa mumsewu osayang'ana. Wakabaza wa njinga yamoto anatulukira kuseri kwa minibasi yoima, ndinaponda mabuleki, galimoto n'kuima osamukhudza n'komwe. Lole imene inkanditsatira pafupi ndi imene inadzandiwomba kumbuyo. Lipoti la apolisi likunena poyera kuti wolakwa ndi dalaivala wa loleyo, amene sanasiye mpata wokwanira pamsewu wonyowa. Tonse m'galimoto tinali titamanga malamba, n'chifukwa chake lero ndikulemba za buti ndi bampala, osati za maliro.

Laisensi yanga ili bwinobwino, COF inali isanathe, matayala ndinali nditangosintha kumene. Mowa sindimwa, foni sindigwira ndili pa chiwongolero. Zaka zonse zimene ndakhala nanu sindinabwerepo ndi claim, ndipo inu nomwe mwakhala mukundichotsera ndalama pa premium chifukwa cha zimenezi. Lamulo la pamsewu limangotikakamiza kukhala ndi third party, imene imalipira anthu ena amene tawavulaza kapena kuwawonongera katundu. Ine ndinasankha comprehensive, yodula kwambiri, kuti tsiku ngati limeneli likadzafika galimoto yanganso idzakonzedwe popanda kugulitsa mbuzi za amayi. Amene anandilembetsa anandiuza akumwetulira kuti, "Mayi, mukatere mugona tulo." Tulo take sindinatione.

Ndinakudziwitsani tsiku lomwelo. Munati ndibweretse lipoti la apolisi, ndinabweretsa. Nditafika, munati pakusowa fotokope ya blue book. Nditabwera nayo, munati makoteshoni a magaraja ndi osakwanira. Nditawakwanitsa, munati imodzi ilibe chidindo. Kodi zonsezi sizikanalembedwa pa kapepala kamodzi tsiku loyamba lija? Ine ndimakhala ku Area 25. Popeza galimoto ili pagaraja, ulendo uliwonse wobwera kwanu ndi wa minibasi, ndiponso ndimayamba ndapempha kuntchito. Abwana anga afika poyamba kundiyang'ana ndi diso lina. Ndikafika, yankho ndi lomwelomwelo: netiweki palibe, assessor (woyeza mtengo wa galimoto ndi zowonongeka) wapita ku field, wosaina ali kumaliro, bwerani mawa. Ndikaimba foni, imalira mpaka kuduka yokha, kapena wina amayankha n'kunena kuti andiimbiranso. Mpaka pano sanandiimbire. Ndasanduka ngati wopempha mchere pakhomo la eni, chonsecho ndalama ndinalipira ndekha, pa nthawi yake, chaka ndi chaka.

Zonsezo ndikanapirira. Chimene sindingapirire ndi chimene chinandichitikira ulendo womaliza pa kauntala ya ma claim.

Bambo amene anandilandira sanadzutse n'komwe mutu pa foni yake pondiyankha moni. Atatsegula fayilo, funso lake loyamba linali lakuti, "M'galimotomo munali anthu angati?" Ndinamuuza kuti munali ine, apongozi anga ndi mwana wanga. Iye anaseka n'kunena kuti, "Onse amatero. Sanali matola amenewo?" Ndikudziwa kuti inshulansi ya galimoto yapabanja silola kunyamula anthu olipiritsa, ndipo ndikudziwa kuti alipo amene amachita zimenezi mumsewu wa Dedza. Koma mayina a amene anali m'galimoto ali mu lipoti la apolisi limene linali patsogolo pake. Apongozi anga, mayi wachikulire amene mpaka lero khosi likuwawawa, asanduke pasenjala wa matola chifukwa wantchito wanu wachita ulesi kuwerenga?

Nditamufunsa kuti andifotokozere chifukwa chake ndalama yachepa chonchi, anandikankhira mapepala n'kunena kuti, "Zonse zili mu policy, munasaina nokha. Ife si bungwe lachifundo." Ndinamufunsanso mwaulemu kuti andisonyeze ndime yake. Apa ndi pamene anakweza mawu, anthu onse pa benchi akumva, n'kunena kuti, "Mayi, nkhani zimenezi n'zovuta kwa inu. Bwerani ndi bambo akunyumba, mwina iwo amvetsa."

Bwana, galimoto imeneyi ndinagula ndine. Dzina la pa blue book ndi langa. Premium imachoka mu akaunti yanga. Tsiku limene ndinkalipira palibe anandiuza kuti ndibwere ndi bambo akunyumba. Ndalama ya mzimayi mumailandira bwinobwino osafunsa mwamuna wake, koma mzimayi yemweyo akafunsa funso, mutu wake wachepa. Mtsikana wa pa kauntala yoyandikana anangowerama ndi manyazi. Bambo wina wachikulire amene anali pamzere ananditsatira panja kudzandipepesa, ngati kuti walakwa ndi iye. Kuchokera ku kampani yanu, mpaka lero, palibe ndi mmodzi yemwe wapepesa.

Popeza nkhani zimenezi akuti n'zovuta kwa ine, ndiloleni ndizifotokoze mmene ndazimvera, inu mundikonze. Mwati galimoto yanga inalembedwa pa mtengo wa K12 miliyoni, koma assessor wanu wapeza kuti patsiku la ngozi mtengo wake unali K20 miliyoni. Ndiye mwati popeza ndinkalipirira magawo atatu okha mwa magawo asanu a mtengo wake, inunso pa K5 miliyoni yokonzetsera mupereka magawo atatu mwa asanu, imene ndi K3 miliyoni, kenako muchotseponso excess, gawo lodzilipirira ine mwini. Masamuwo ndawamva, si ovuta. Funso limene wantchito wanu anathawa ndi ili: K12 miliyoni ija anailemba ndani, ndipo anaisiya choncho ndani?

Anailemba ndi munthu wanu, pa fomu yanu, ataiona galimotoyo ndi maso ake. Kuchokera nthawi imeneyo kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kudzagwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pamene dola inachoka pa K1,180 n'kufika pa K1,700. Aliyense woitanitsa galimoto ku Japan kudzera ku Dar es Salaam anaona mitengo ikulumpha. Aliyense wogula sipeya anaona. Inu, amene mumalandira mabilu a magaraja tsiku ndi tsiku, munadziwa zimenezi ine ndisanadziwe. Koma nthawi yokonzanso inshulansi ikakwana, uthenga wanu wa pafoni unkangonena ndalama yoti ndilipire ndi nambala yotumizira. Munalibe ngakhale mzere umodzi wondichenjeza kuti, "Mayi, mtengo wa galimoto yanu watsalira m'mbuyo, tiyeni tiukonze, apo ayi tsiku la ngozi tidzakudulani." Mukanatero ndikanawonjezera premium tsiku lomwelo, osanyinyirika. Munakhala chete, n'kumalandira ndalama yanga, mukudziwa kuti ndime imeneyi mwaisungira tsiku la tsoka langa.

Chimene chikundipweteka kwambiri n'chakuti mitengo iwiriyi mumaisankha malinga ndi mmene yakukomerani. Galimotoyi ikanabedwa, kapena ikanaphwanyika yosakonzekanso, simukanandipatsa K20 miliyoni. Mukanati malire ndi K12 miliyoni imene ili papepala. Lero poti ikukonzeka, mwakumbukira mwadzidzidzi kuti ndi ya K20 miliyoni. Ndipo lipoti la assessor limene latulutsa mtengo umenewu sindinalione. Ndapempha, akundikaniza kuti ndi la mkati mwa kampani. Galimoto yanga, mtengo wake n'kukhala chinsinsi kwa ine?

Pa nkhani ya excess sindikukana, ndikudziwa kuti ndi gawo limene mwini galimoto amadzilipirira pa claim. Koma pano wolakwa akudziwika. Lole ija ili ndi inshulansi yake, apolisi analemba zonse. Mukandilipira, muli ndi ufulu wokatenga ndalama yanu kwa wolakwayo ndi kampani yake, ndipo ndikudziwa kuti mudzapita, chifukwa ndalama yanu simuisiya kutchire. Nanga excess yanga mudzaitengera limodzi n'kundibwezera? Nanga kuchotseredwa kwanga kwa zaka zopanda claim kutha chifukwa cha dalaivala wina amene sadziwa kusiya mpata? Wantchito wanu anandiyankha kuti, "Mukawafunse eni lole." Ngati ndi ine woti ndizithamangitsana ndi eni lole, ndiye inu ndimakulipirani chifukwa chiyani?

Pakadali pano galimoto ili pagaraja, dzuwa ndi mvula zikuithera pompo. Amakanika sangaigwire popanda kalata yanu yovomereza, ndipo andiuza kuti ayamba kundilipiritsa malo. Mitengo ya masipeya imene ili pa koteshoni ija yasinthanso. Kuchedwa kwanu kukukweza bilu, ndipo sindidabwa mawa mukadzandiuza kuti kusiyanako ndilipirenso ndine.

Mukayang'ana bwino m'kompyuta mwanumo muona kuti nyumba yanga ndi katundu wa m'nyumba zilinso pa inshulansi kwa inu nomwe. Nkhani ya galimotoyi yandipatsa mantha. Mtengo umene unalembedwa pa nyumbayo ndi wa nthawi imene simenti, malata ndi matabwa zinali zisanakwere chonchi, ndipo nakonso simunandiuzepo kanthu. Ndiye kuti moto utabuka lero, kapena denga litasasuka ndi mphepo, mudzatulutsa masamu omwewa? Tonse tinaona zimene namondwe wa Freddy anachita ku Chilobwe ndi madera ena a Blantyre mu Malichi 2023. Sindikufuna kudzamva nditaima pabwinja kuti madzi osefukira sali mu mgwirizano, kapena kuti mpanda suwerengedwa ngati gawo la nyumba, kapena kuti wakuba akalowa osathyola chitseko simulipira. Ngati zili choncho, ndiuzeni panopa, molemba, m'mawu omveka. Ndinafunsa zimenezi pa kauntala yomwe ija, ndipo anandiuza kuti za nyumba ndi ofesi ina, ndibwere tsiku lina.

Chimene ndikufuna kwa inu ndi ichi. Mulembe kalata yovomereza kuti garaja ikonze galimoto yanga pa mtengo wonse, kuchotsapo excess yokha. Ngati mukuumirira pa masamu anu aja, mundipatse lipoti la assessor, ndime ya mgwirizano imene mwagwiritsa ntchito, komanso umboni uliwonse wosonyeza kuti munandichenjezapo za mtengo wa galimoto pa nthawi yokonzanso inshulansi. Ngati uthenga wotero ulipo, utulutseni tiuone. Ndalama ya malo imene garaja ikufuna ikhale yanu, poti wochedwetsa ndinu. Mundiyankhenso za excess ndi za nyumba. Ndipo bambo uja apepese molemba, kwa ine ndi kwa apongozi anga. Sindikupempha kuti achotsedwe ntchito, nayenso ali ndi ana, koma asakhalenso pamalo olandira anthu amene angochoka kumene pangozi mpaka ataphunzira kulankhula.

Ndikukupatsani masiku 14 kuchokera tsiku limene mwalandira kalatayi. Akadutsa osayankhidwa, nditengera fayilo yonse ku Reserve Bank of Malawi, kumene kuli Registrar of Financial Institutions amene lamulo la Financial Services Act la 2010 linamupatsa mphamvu yoyang'anira makampani ngati yanu. Kope ina ipita ku Competition and Fair Trading Commission. Inshulansi ya nyumba ikangotha sindidzaikonzanso kwanu, makampani ena alipo mu Lilongwe muno. Anzanga akuntchito amene ndinawabweretsa kwa inu ndi pakamwa panga pomwepa andifunsa kale mmene claim ikuyendera, ndipo ndawauza zoona, kuphatikizapo mawu aja a bambo akunyumba.

Musandiimbire foni kuti ndibwere tidzakambirane. Yankho lanu libwere molemba, losainidwa ndi munthu amene ali ndi dzina ndi udindo, pa imelo ndi adiresi zimene zili mu fayilo yanga.

Ine kasitomala wanu wokhumudwa,
wa ku Area 25, Lilongwe.