Dandaulo pa thanki ya chimbudzi yomwe munalandirira ndalama koma simunadzapope

Kwa a Manejala,
Kampani yopopa matanki a zimbudzi,
Zomba.

Bwana,

Ndatopa n'kuimba foni, n'chifukwa chake ndalemba kalatayi. Ndalama zopopera thanki ya chimbudzi panyumba panga ku Matawale munalandira mwezi watha, zonse, ndipo lisiti ndili nayo. Zina zonse zili m'mabuku anu. Koma mpaka lero galimoto yanu sinaponde pakhomo panga.

Poyamba anyamata anu ankati galimoto yawonongeka, kenako akuti dizilo wasowa, kenako dalaivala ali kumaliro. Pano foni imangolira osayankhidwa. Ndakhala ndikutseka kagolosale kanga n'kukwera kabaza kubwera ku ofesi yanu, kufika n'kupeza chitseko chokhoma, apo ayi kuuzidwa kuti abwana angochokapo kumene. Ndalama za kabazazo ndi malonda amene ndataya, ndani andibwezere?

Chimene chandiwawa kwambiri ndi cha Lachiwiri lapitali. Ndinapeza mnyamata wa pa kauntala ali pa foni. Ndinamupatsa moni, sanayankhe. Ndinamufotokozera kuti thanki yasefukira, madzi oipa akutuluka pa chivundikiro n'kumayenderera kulowera kumene anthu a lendi amaphikira, ndipo mayi wina pamenepo ali ndi mwana wokwawa. Iye osadzutsa n'komwe mutu anati, "Ngati zakuvutani tengani ndowa mukatunge nokha, kuno si kuchipatala." Anzake awiri anali pomwepo anaseka. Ine ndi mayi wa zidzukulu, mnyamatayo ndi msinkhu wa mwana wanga wotsiriza. Ndinatuluka misozi ili m'maso. Kodi ndiye mmene mumawaphunzitsira kulandira anthu amene akukupatsani ndalama?

Ine ndinakulira mu Zomba muno, ndipo ndikudziwa chimene chakupatsani bizinesi. Tawuni ino inali likulu la dziko mpaka 1975, ndipo mapaipi a suweji amafika m'madera ochepa okha. Madzi akumwa ndiye tinadalitsika nawo, amatsika kuphiri kuchokera mu Mulunguzi, ndipo damu la Mulunguzi litamangidwa anthu ambiri tinakokera madzi m'nyumba n'kuika zimbudzi zogejemula. Matawale, Chinamwali ndi Sadzi kwadzaza nyumba, koma mapaipi otenga zonyansa sanatitsatire. Aliyense anakumba thanki yake kuseli kwa nyumba, ndipo thanki ikadzaza palibenso kochitira, timadalira galimoto ngati yanuyo. Inu mukudziwa zimenezi, ndipo zikuoneka kuti n'chifukwa chake mumatenga ndalama kaye n'kutisiya tikudikira ngati opempha.

Mvula yayandikira. Ikagwa, zonse zili pabwalo pangazi zidzakokoloka kulowa m'ngalande, ndipo madzi a m'ngalande za mu Zomba amakathera mu Likangala, mtsinje umene anthu amachapamo ndi kuthirira madimba mpaka kukafika ku nyanja ya Chilwa. Kolera ya 2022 ndi 2023, yomwe inayambira ku Machinga konkuno, inapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno. Tonse tinaona mahema a odwala pa zipatala. Anthu amene ntchito yawo ndi ya ukhondo sangamaseke mayi akamanena za thanki yosefukira. Pakadali pano ndikuthira klorini ndi phulusa m'mawa ndi madzulo, ana ndawaletsa kusewera kuseli, ndipo a lendi anga ayamba kunena zosamuka chifukwa cha fungo ndi ntchentche.

Ndikufuna galimoto ifike pasanathe Lachisanu likudzali, ndipo wina aimbe kundiuza nthawi yake. Ngati simungathe, bwezani ndalama zanga zonse tsiku lomwelo, ndikaitane ena, chifukwa opopa matanki si inu nokha. Mnyamata uja abwere adzapepese pamaso panga. Lachisanu likadutsa muli chete, ndidzatenga lisiti ndi kalatayi kupita nazo ku khonsolo ya mzinda komanso ku Competition and Fair Trading Commission, bungwe loteteza ogula, ndipo eni nyumba anzanga ku Matawale ndidzawauza mmene mwandichitira, kuti wina asadzakupatseninso ndalama galimoto isanaime pakhomo pake.

Ine kasitomala wanu wokhumudwa,
Mayi wa ku Matawale