Kalata yotseguka kwa Nduna ya Zaumoyo: tiyezereni zitsamba zathu ku labu

Olemekezeka a Nduna,

Ndikulemba ndili ku Chiputula kuno ku Mzuzu, ndipo chomwe chandigwiritsa foni ndi mawondo a mayi anga. Ali ndi nyamakazi, nde ikangokwana June ndi July, kuzizira kwa kuno mukukudziwa, mawondo aja amatupa mpaka kudzuka pamkeka kumafuna owagwira mkono. Kuchipatala ankawapatsa bufeni, nthawi zina Indocid, ndipo amathandiza ndithu sindinganame, koma atamwa nthawi yayitali m'mimba munayamba kuwotcha, adokotala anati ayambe asiya kaye kuopa zilonda za m'mimba.

Nde anatani? Anapita kwa azitsamba ngati mmene amachitira anthu ambiri. Anabwera ndi madzi ofiirira m'botolo, akuti muli muwawani ndi mvunguti, azimwa kapu imodzi katatu patsiku. Kutupa kunachepako, ine ndinaona ndi maso anga. Koma a Nduna, kapu yake iti, ya tiyi kapena ija yayikulu yomwera thobwa? Amwe masabata angati? Nanga impso ndi chiwindi zikuti bwanji mkatimo, poti amamwanso mankhwala a BP tsiku lililonse? Amene anagulitsa sanathe kuyankha ndipo sindikuwada, nzeru zawo anazitenga kwa agogo awo koma zoyezera alibe.

Zoyezera zimenezo ndi zomwe ndikupempha. Ntchito yake ndi yodziwika kale. Mtengo umayamba watsimikizidwa dzina lake lenileni, ndipo a National Herbarium ku Zomba ndi ntchito yawo imeneyo, chifukwa mtengo umodzi umatchulidwa mosiyana m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chitonga. Khungwa kapena masamba amayanika pamthunzi, kusinja, kunyika m'madzi kapena mu ethanol, kusefa nkuumitsa mpaka kutsale mphamvu yokhayokha. Kenako amatenga makoswe a mu labu nkuwabaya mankhwala otupitsa otchedwa carrageenan kuphazi kuti litupe, gulu lina alipatsa chitsamba chija, lina diclofenac (mankhwala achizungu ochepetsa kutupa), lina osalipatsa kanthu, nkumayeza kutupako kwa maola angapo. Apo mpamene pamaoneka ngati chitsamba chikugwira zoona komanso pa mlingo wanji. Amaonanso ngati mlingo ukachuluka sukuwononga chiwindi ndi impso, ndipo kwa ine gawo ili ndi lomwe likundisowetsa tulo. Zikayenda bwino pa khoswe sikuti basi zatheka pa munthu ayi, pamafunikanso kuyesa pa anthu mosamala, ndi chilolezo.

Ena amati zitsamba ndi zachikale, koma aspirin amene kampani ya Bayer inapanga mu 1897 chiyambi chake ndi khungwa la mtengo wa willow lomwe anthu ankamwa kalekale akamva kuphwanya m'thupi. LA amene timamwa tikadwala malungo mphamvu yake inachokera ku chitsamba cha ku China, ndipo mayi Tu Youyou analandira mphoto ya Nobel mu 2015 chifukwa cha ntchito imeneyo. Anzathu a ku Namibia amagulitsa chitsamba chotchedwa devil's claw ku Ulaya, anthu kumamwera nyamakazi yomweyi. Ife mvunguti uli mbwee kunyanjaku, tikungoudutsa.

Mabungwe tili nawo kale. PMRA inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2019 kuti iziyang'anira mankhwala, NCST ilipo yoona za kafukufuku, KUHeS ili ndi akatswiri a zamankhwala, ndipo pa Luwinga pompa pali Mzuni pomwe ana athu akuphunzira sayansi. Ndikupempha kuti mu bajeti yanu muikemo ndalama yoti zitsamba zingapo zomwe anthu amamwera kutupa, ngakhale zisanu zokha poyambira, ziyezedwe mpaka kumapeto, ndipo ina mwa ntchitoyo ichitikire kuno kumpoto komwe azitsamba ake ndi mitengo yake ili pafupi. Mabotolo ogulitsidwa kale aja nawonso aziyezedwa, chifukwa kumaiko ena anapezamo mankhwala achizungu ngati dexamethasone othiridwa mobisa, munthu nkumati chitsamba chandithandiza.

Azitsamba musawasiye kunja chonde. Munthu sangaulule mtengo wa agogo ake ngati akuona kuti ena akalemera nawo iye nkutsala chimanjamanja, ndipo pangano la Nagoya la 2010 limanena zogawana phindu ndi eni nzeruzo. Mukawatenga ngati anzanu pa ntchito adzakuuzaninso kasendedwe ka khungwa kosapha mtengo, poti mtengo ukasendedwa kuzungulira umauma.

Zotsatira zikatuluka zisakathere m'magazini a Chingerezi okha. Zilengezedwe pa wailesi m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, pa 31 August lomwe ndi tsiku la mankhwala achikuda mu Africa mutha kutiuza poyera kuti ichi imwani mlingo wakuti, ichi chisiyeni. Mayi anga botolo lija latsala theka ndipo akundifunsa ngati ndiwagulire lina.

Ine wanu,
Mwana wa mayi wodwala nyamakazi
Chiputula, Mzuzu