Ndinasokoneza masiku a ngongole, koma wayimitsidwa ntchito ndi mnzanga

Zikomo mayi,

Nthawi ikuthamangira 2 koloko usiku ndipo tulo tandikana. Akazi anga akuganiza kuti ndikumalizitsa za ku ofesi. Sindinawauze kalikonse.

Ndimagwira ntchito pa kampani ina yobwereketsa ndalama kwa anthu a pamalipiro, ambiri aphunzitsi ndi anamwino. Dzina sinditchula. Ine ndinaphunzira za akawunti, Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu a pa kompyuta, ndinadziphunzitsa ndekha usiku, bandulo yake yochokera m'thumba mwanga. Abwana ataona kuti ndikutha, anati tisiye Excel, ndipange pulogalamu yowerengera tsiku lobweza la kasitomala aliyense mwezi ndi mwezi. Sanandiwonjezere ndi tambala yomwe. Laputopu imene anandipatsa imazima magetsi akangothima, ndadandaula kangapo, amangoti tiona. Ndikunena izi kuti mudziwe mmene ndinkagwirira.

Nkhani ndi iyi. Mu pandas, chida cha Python chosanthulira deta, ndinagwiritsa Timedelta, imene imangowerenga masiku amene waiuza, ya masiku 30 ngati mwezi umodzi. Kwa ine mwezi unali masiku 30 basi, ndani saganiza choncho? Koma taonani amene anatenga ngongole pa 31 Januwale 2024. Pulogalamu inamuika pa 1 Malichi, Febuluwale yense n'kumudumpha, kenako 31 Malichi, 30 Epulo, 30 Meyi, 29 Juni. Pofika Okutobala tsiku linali pa 27, Disembala pa 26. Miyezi 12 ya masiku 30 ndi masiku 360, pamene chaka chimenecho chinali ndi 366. Tsiku lobweza linkabwerera m'mbuyo mwakachetechete mpaka kufika malipiro a anthu asanalowe. Kompyuta n'kumati achedwa, chindapusa n'kumadulidwa.

Madandaulo ankafikira kwa mtsikana wina wa pa desiki ya makasitomala. Iyeyu sitigwirizana, ndivomere. Tsiku lina pa msonkhano anandiseka kuti "a injiniya athu a pa YouTube", onse n'kuseka, abwana omwe. Amatenganso kapu yanga ya tiyi, yomwe ndinalembapo dzina ndi penti ya zikhadabo ya akazi anga. Ndi yemweyu amene anayamba kunena kuti masikuwa akuyenda. Ndinamuyankha mwaukali kuti kompyuta silakwitsa, amalakwitsa ndi wolowetsa.

Usiku womwewo ndinayang'ana, n'kupeza kuti akunena zoona. Ndinakonza mobisa. Ndinaika DateOffset ya mwezi umodzi, imene imatsata kalendala: 31 Januwale imapita pa 29 Febuluwale bwinobwino. Koma ndinkawonjezera mwezi pamwamba pa tsiku lapitalo, ndiye 29 Febuluwale inabala 29 Malichi, 29 Epulo, kukakamira pa 29 mpaka kumapeto. Ndinazindikira mochedwa kuti umayenera kuwerenga kuchokera pa tsiku loyamba nthawi zonse, miyezi iwiri kuchokera pa 31 Januwale ndi 31 Malichi. Chondipweteka n'choti umu ndi mmene tinkachitira kale ndi EDATE, fomula yowerengera miyezi mu Excel muja, ndipo mtsikanayu ananenapo. Panopa pulogalamu ili bwino. Koma pokonza kawiri konseko masiku akale anasintha, ndipo mapepala amene iye anasainitsa makasitomala sakugwirizananso ndi za mu kompyuta.

Abwana ati mtsikanayu ndiye ankalowetsa masiku olakwika. Anamupatsa kalata yochenjeza, sabata yatha amuyimitsa. Anandifunsa pamaso pake ngati pulogalamu ili ndi vuto, ndinati ayi. Sindinaname kwenikweni, tsiku limenelo inalibe. Iye anangondiyang'ana osayankhula. Ali ndi mwana wamng'ono, bambo ake sindikudziwa ngati alipo.

Komatu mayi, palibe amene anayesa pulogalamuyo ndisanayiyike. Kampani yanji yopatsa munthu mmodzi ndalama za anthu onsewa popanda womuona? Akanalemba wodziwa, koma anafuna zaulere. Ndipo mtsikanayu akanapanda kundinyoza pagulu paja mwina ndikanavomera tsiku loyamba lomwelo. Pali china chokhudza mmodzi mwa odulidwa chindapusawo, ndi wachibale wa kuchikazi, koma chimenecho ndisiye kaye.

Ndili ndi ana atatu, wamkulu alemba MSCE chaka chino, nyumba ndi yalendi. Ndikaulula andichotsa, mwinanso andiuza kuti ndibweze zindapusa zonse. Kodi angandimange pa zimenezi? Ndiyambe kuuza ndani, abwana, mtsikanayo kapena akazi anga? Ndingawerengetse mwakachetechete ndalama za aliyense, ndili ndi fayilo yakale ya pulogalamu mu fulashi, koma ndingazibweze bwanji popanda kunena kumene zachokera? Nanga ndikalemba kalata yopanda dzina yomuyeretsa, sadziwa kuti ndine? Lolemba mtsikanayo akukakumana ndi komiti ya chilango, ndipo andiuza kuti ndikakhale mboni.

Ine wosowa mtendere,
Lilongwe