Ana athu ku Britain kuno alandidwa TV yawo, tisamanamizire foni yokha

A Mkonzi,

Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Leeds, ndinabwera kuno mu 2003 mwana wanga woyamba ali ndi zaka 6. Ndalemba chifukwa nkhani ya mapulogalamu a ana a pa TV imangokambidwa ngati ndi madandaulo a azungu okalamba amene akusowa mapulogalamu akale ngati Bagpuss ndi Postman Pat, chonsecho ifenso obwerafe yatikhudza, mwinanso kuposa iwowo.

Ine sindinakule ndi TV, kwathu TVM inayamba mu 1999 ndili kale pabanja, ubwana wathu unali wa wayilesi ndi nthano za agogo madzulo. Ndiye sindingati ndikulira ubwana wanga ayi. Chimene ndikulira ndi chimene ndinachiona ndi maso pa mwana wanga uja. Anafika kuno Chingerezi chake chili cha "good morning teacher" basi, kusukulu amangokhala phee, koma akaweruka amathamangira pa TV, ndipo nthawi imeneyo BBC One ndi ITV onse amakhala ndi nthawi ya ana masana. Miyezi ingapo mwana anayamba kuyankhula ngati wobadwira konkuno, ineyo kumamufunsa kuti wati chani bwerezanso. Chachikulu nchakuti mmawa kusukulu anali ndi nkhani yokamba ndi anzake popeza kalasi yonse inali itaonera chinthu chimodzimodzi dzulo lake.

Art Attack ija ya Neil Buchanan, pulogalamu yophunzitsa ana kujambula ndi kupanga zinthu ndi manja, inandipweteketsa mutu. Tsiku lina ndikuchokera ku shifiti ya usiku ndinapeza kukhitchini kuli mbwee manyuzi ong'ambang'amba, timakatoni ta tishu, ndipo mwana watenga ufa wanga woyera, ufa woti munthu anachita kundinyamulira mu sutikesi kuchokera ku Lilongwe, wauphika phala eti akupanga guluu woti amatire phiri lophulika moto. Ndinakalipa mpaka aneba anamva. Phirilo silinamate nkomwe, linangochita nkhungu pawindo. Koma lero ndikakumbuka ndimaseka ndekha, mwana amadzuka pampando kukapanga chinthu ndi manja ake chifukwa cha TV yomweyo. Baji ya Blue Peter, pulogalamu ya ana ya BBC, imene anamutumizira atalemba kalata ilipobe mu chitini cha mabisiketi, munthu wa ndevu zake tsopano koma musayerekeze kuitaya.

Wachitsiriza wanga anabadwa mu 2016. Iyeyu ndi tabuleti basi, YouTube kuyambira mmawa, anthu akukuwa uku akutsegula zidole m'mabokosi, kenako wina akusewera gemu iye nkumangoonerera, ndipo mawu ena amawatchula ngati wa ku America pomwe sanapiteko. Ndikamufunsa kuti anzako amaonera chani akuti aliyense zake.

Anthu amati ndi nthawi yasintha, ana a masiku ano safuna TV. Pang'ono nzoona, koma zinthuzi zinayamba kuphwasuka foni zisanafike m'manja mwa ana. Lamulo la Communications Act la mu 2003 linamasula ma TV a malonda kuti asamakakamizidwe kuonetsa maola akutiakuti a mapulogalamu a ana. Mu 2007 Ofcom, bungwe loyang'anira ma TV ndi mawayilesi kuno, inaletsa kutsatsa zakudya zonona ndi zashuga pa mapulogalamu a ana, zimene ine ngati mayi ndinagwirizana nazo ndithu, koma ndalama za otsatsa zitachoka palibe anaganiza zoti dzenjelo alikwirira ndi chani. ITV inaona kuti ana sabweretsa phindu, inawachotsa masana aja. BBC nayo kumapeto kwa 2012 inasamutsa zonse za ana kuchoka pa BBC One kupita ku matchanelo ake a ana okhaokha, CBBC ndi CBeebies, ndiye kholo limene limangodutsa pabalaza nkuona nawo limodzi linasiya kuona. Grange Hill, sewero la pa TV lija limaonetsa sukulu yeniyeni ya boma yokhala ndi ana akuda ndi amwenye ndi mavuto awo, linatha mu 2008 litayenda zaka 30. Sewero lina la achinyamata, Byker Grove la ku Newcastle, linali litatha kale mu 2006.

Boma linayesako mu 2019 ndi thumba la Young Audiences Content Fund lothandiza opanga mapulogalamu a ana, patangotha zaka zitatu analitseka. Mu September 2023 tchanelo cha ana cha ITV chotchedwa CITV chinatsekedwa, akuti ana akapeze zawo pa intaneti pa ITVX. Blue Peter imene inayamba mu 1958 anasiya kuionetsa live mu 2025, tsopano amachita kujambuliratu. Ndiye mwana mwamutsekera zitseko zonse, akalowera pawindo la YouTube muziti ndi wosamva?

Chimandiwawa kwambiri ndi Newsround. Kuyambira 1972 akhala akuwafotokozera ana nkhani za dziko m'mawu oti amve osachita mantha, ndipo kunena zoona inenso zaka zoyamba zija ndale za kuno ndimazimvera pomwepo, nyuzi za akuluakulu amayankhula mothamanga. Newsround ya madzulo anaichotsa mu 2020. Pano mwana nkhani ya nkhondo amakumana nayo pa foni popanda womufotokozera.

Sindikuti zakale zonse zinali zabwino, zina zinali zogonetsa tulo, ndipo CBeebies mpaka lero ikuyesetsa, Horrible Histories nayonso ana anga onse atatu aikonda. Koma layisensi ya TV imene imayendetsa BBC timalipira, mu 2025 inafika £174.50 pachaka, ndalama yoti ukaitumiza kumudzi anthu amakuthokoza mwezi wathunthu. Baroness Floella Benjamin, mayi wobadwira ku Trinidad amene anali pa pulogalamu ya ana ya Play School kalekale, wakhala akulankhula za nkhaniyi ku House of Lords, nyumba yachiwiri ya malamulo kuno, kwa zaka, ife makolo tili duu. Amalawi anzanga muli kuno, MP wa dera lanu mumamudziwa pa nkhani za ma visa zokha, mulembereni za izinso. Ine ndalemba kale kawiri, kachiwiriko wachitsiriza uja ndi amene anandithandiza kutayipa, atamaliza anatenga tabuleti yake nkubwerera ku YouTube.

Mayi wa ana atatu,
Leeds