Lipoti la msonkhano wa aphunzitsi a Chingerezi: zomwe tinakambirana pa mawu akuti boon

Aphunzitsi anzanga, zikomo pondituma ku msonkhano wa Loweruka lapitali. Za mayeso oyeserera ndi kuchepa kwa mabuku ndapereka kale kwa a hedi. Pano ndikuuzeni za chigawo cha masana, pomwe tinakhalira mawu amodzi okha, boon, pafupifupi ola lathunthu, ndipo ine sindinaone kuti nthawi yapita pachabe.

Anayambitsa nkhaniyi ndi mayi wina wophunzitsa Fomu 3. Anati atalemba pa bolodi chiganizo chakuti "The rain was a boon to farmers", ana ambiri anayesa kuti alakwitsa polemba boom, ena anati ndi bonasi, ndipo mnyamata wina, poyesa kuti ndi bone, anafunsa kuti fupa lalowa bwanji m'nkhani ya mvula. Tonse tinavomereza kuti ana athu nawonso akanayankha chimodzimodzi.

Tinavutika kupeza mawu a Chichewa ogwirizana nawo. Phindu silinatikhutiritse, chifukwa phindu munthu amaliwerengera akagulitsa katundu. Bonasi ndi yoonjezera pa malipiro, ngati tomato mmodzi amene mayi wa pamsika amakuikira pamwamba pa mulu. Koma boon ndi chinthu chofika anthu ali pa vuto, n'kuwapepuza. Mjigo ukakumbidwa pakati pa mudzi, amayi amene ankalawirira m'bandakucha ndi ndowa kupita kudambo apeza boon. Mvula yogwa chimanga chitayamba kufota mu Januwale ndi boon. Ambiri tinakonda dalitso, ena mwayi. Ine ndili ku dalitso.

Chimene chinandikhazikitsa mtima pa dalitso ndi mbiri yake. Bambo wina wachikulire anatifotokozera kuti mawuwa analowa m'Chingerezi zaka zoposa 800 zapitazo kuchokera ku chinenero chakale cha anthu a ku Scandinavia, ndipo poyamba ankatanthauza pempho. Pang'onopang'ono anayamba kutanthauza chinthu chimene wapempha chija chikaperekedwa. Mwana ukamuuza kuti boon ndi pempho loyankhidwa, sangaiwale.

Pa kagwiritsidwe ntchito tinagwirizana kuti ana azolowere kulemba "a boon to" kapena "a boon for", kenako n'kutchula wothandizidwayo. Tiwauzenso zoona, kuti mawuwa amapezeka kwambiri m'nyuzipepala ndi m'zolembedwa. Pocheza eni ake amangoti "a big help". Ndiye mwana asamawaponye paliponse pofuna kuoneka wodziwa Chingerezi.

Pempho langa n'lakuti sabata ino aliyense auze ana ake a Fomu 3 ndi 4 alembe ziganizo zitatu za zinthu za kwawo zimene zinawapepuza, kaya ndi chigayo chapafupi, mlatho kapena nyali ya sola yowerengera usiku. Tibweretse makope awo Lachisanu pa nthawi ya buleki, tidzaone limodzi ngati amva kusiyana kwa boon ndi bonasi.